Nyimbo Zonong'ona za Amuna Anga

Amuna anga anali oimba. Ndiyambire pamenepo, chifukwa m'mudzi mwathu munali anthu amene anakhala nawo zaka makumi awiri, kulima nawo, kuika nawo maliro, koma osadziwa zimenezi. Sikuti ankabisa ayi. Ankaimba m'mawa uliwonse pakhomo pa balani yathu ya fodya, poyera. Vuto linali loti ukaima pamtondo, mapazi khumi okha kuchokera pamene akhalapo, sunkamva kanthu. Unkangoona munthu wamkulu ndi ndevu zake atakumbatira thabwa, milomo ikugwedera ngati akutafuna chimanga chokazinga.

Mtundu wa nyimbo zawozo unalibe dzina la m'buku. Eni ake ankati zamkati. Ife tinkati zonong'ona. M'mapiri onsewa, kuchokera kwathu kufupi ndi nkhalango ya Ntchisi mpaka kutsikira ku Dowa, oimba zoterezi ndinkadziwa atatu: amuna anga, telala wina wa pa Dowa Boma, ndi mayi wina wa cha ku Chisepo amene ndinamuona kamodzi kokha pamaliro. Aliyense ankapeka zake, mawu ndi maimbidwe omwe. Kawiri pachaka telala uja ankapalasa njinga kukwera zitunda zonsezo kudzacheza, ine n'kuwaphera nkhuku. Akadya ankakhala awiriwo mawondo atagundana, wina akuimba, mnzake atatsinzina. Nyimbo ikatha womverayo ankati, “Eya.” Basi. Nkhuku yanga yathunthu inkafera “eya” ameneyo.

Choimbira chawo chinali bangwe, thabwa la mlombwa lokhala ndi nsambo zisanu ndi ziwiri za waya wa mabuleki a njinga. Anthu ena a bangwe amalowetsa thabwalo m'chitini cha palafini n'kumangirira tizitsekerero ta mabotolo kuti phokoso lifike kutsidya. Amuna anga anachotsa zonsezo. M'malo mwake ankapinda kansanza n'kukalowetsa kunsi kwa nsambo kuti zisasokose. Ndiye mawu awo: aang'ono, okwera m'mwamba, ngati a kamtsikana kamene kali kuseri kwa phiri. Munthu wa thupi lonselo! Ndikamadutsa kuseri kwa balani popita kumadzi, nkhungu isanachoke, kamawuko kankandipeza, ine n'kuyang'ana kutali kumene kakuchokera, chonsecho mwini wake ali kuseri kwa khoma. Thupi linkachita tsembwe, sindikana. Kenako ndinkakumbukira kuti mbuzi sanazitsekulire.

Ine ndiye ndinali mbali inayo. Mulungu anandipatsa khosi ndipo sindinalikwirire pansi. Ndine ndinkayambitsa nyimbo kutchalitchi, pamaliro, pachinkhoswe ndi pamisonkhano ya chipani. Masiku amenewo chipani chinali chimodzi, ndipo kukabwera akuluakulu ku Boma, amayife tinkakwezedwa pa lole titavala nsalu zofanana kukaimba ndi kuvina. Ife amayi a kwathu ankatiimika kutsogolo chifukwa cha ine. Anthu ankandifunsa kuti awiri inu munapezana bwanji. Ndinkawayankha kuti panyumba pamafunika wina wolankhula.

Amuna anga anali akamwini. Kwawo kunali ku Dowa, anabwera kudzamanga pamudzi pa amayi anga. Mkamwini kwathu amalima, amafolera nyumba, amakumba manda, koma pamaso pa abale a mkazi wake satsutsa. Alongo anga aakulu, amene anali tcheyamani wa nthambi ya chipani, ankawaseka poyera. Ankadutsa pabalani n'kukuwa, “Alamu, kwezaniko pang'ono, udzudzu ukukuposani!” Amuna anga ankangomwetulira n'kuti, “Zikomo, alamu.” Ine zinkandiwawa. Inenso ndinkawanyoza m'nyumba, inde, koma umenewo unali ufulu wanga, osati wa wina aliyense.

Fodya wathu anali wa chikopa, wofukiza ndi utsi, ndipo amuna anga anakhala mu utsi umenewo zaka zonsezo. Chaka china mawu anayamba kusasa. Tinati ndi chimfine. Anamwa mandimu, uchi, mizu ya uyu ndi uyo, osasintha. Kenako tinayenda wapansi kupita kuchipatala ku Ntchisi Boma. Adokotala atawaunika kukhosi anatuluka nane pakhonde. Anati muli chotupa, mawuwo azingopita pang'onopang'ono, ndipo pofika nthawi yokolola mwina adzakhala atatheratu. Ndinafunsa kuti nanga moyo. Adokotala anayang'ana nsapato zawo.

Pobwerera amuna anga sanafunse zimene ndinauzidwa. Tinayenda, tinayenda. Titafika pamlatho wa mitengo anaima.

“Mayi, ndikadakonda nditadzimva kamodzi.”

“Kudzimva bwanji? Mukamaimba makutu mumawasiya kuti?”

“Woimba amamva za m'mutu mwake. Zimene amamva anthu ine sindizidziwa.”

Zaka zonsezo munthu ameneyu sanandipemphepo kanthu, ngakhale mchere wowonjezera m'ndiwo.

Telala ndiye anakonza. Nthawi imeneyo anthu a wailesi ankayenda m'midzi ndi galimoto kujambula nyimbo za makolo, ndipo mmodzi mwa iwo ankasoketsa malaya kwa iyeyo. Telalayo anamuuza kuti kuphiri kuli munthu amene simunamvepo chibadwire, ndipo mukachedwa simudzamumvanso. Kalata inadzera kwa alongo anga, poti chilichonse chochokera kutauni chinkadzera kwa tcheyamani. Inati abwera Lachinayi la sabata inayo. Mvula inali itayamba kale.

Amuna anga anasankha nyimbo imodzi. Anasintha nsambo ziwiri. Anasiya kulankhula kuti asunge mawu, ndipo kunena zoona panyumba sipanasinthe zambiri.

Apa ndifotokoze bwino, chifukwa ana a masiku ano akamva nkhaniyi amati ndinachita nsanje. Nsanje ya chiyani? Kwathu munthu samusiya aimbe yekha. Akayambitsa nyimbo, kaya ndi woledzera, kaya ndi mdani wako, umavomera. Woimba yekha pagulu anthu ali duu ndi munthu wopanda abale. Ndinkaona m'maganizo mwanga dziko lonse, kumpoto mpaka kumwera, litatchera khutu, likumva amuna anga akulira ngati kamwana ka mbuzi, popanda ngakhale mmodzi wowomba m'manja. Anthu akanati mkazi wake ali kuti? Pamudzi pamene anakwatirapo palibe anthu? Alongo anga anawonjezera nkhuni pamoto.

“Mlongo, nyimbo yosatchula chitukuko ndani angaiike pawailesi? Mutu umodzi susenza denga. Athandizeni alamuwa, tisachite manyazi tonse.”

Ndinasonkhanitsa amayi khumi ndi anayi. Tinkaphunzira kudimba kuti amuna anga asadziwe, poti ndinkafuna kuti ikhale mphatso. Mawu a nyimbo yawo sindinkawadziwa, koma kayendedwe ka nsambo ndinkakadziwa, chinthu chomwe ndinkachimva m'mawa uliwonse. Choncho ndinapeka kovomera kangakanga kotamanda sukulu, chimanga ndi msewu. Msewu wake ndi womwewo umene galimoto zinkatitimira mvula ikangogwa. Kovomerako kanali kokoma, sindinama. Amayi anakagwira tsiku loyamba lomwelo.

Lachinayi galimoto inafika dzuwa litapendeka, matope mpaka pazitseko. Anatsika abambo awiri, wina wonenepa wovala taye, wina wowonda wonyamula bokosi la makina lokhala ndi timawilo tiwiri ta tepi pamwamba. Wonenepayo ananena asanakhale n'komwe kuti ajambula kale m'midzi itatu, tepi yatsala ya nyimbo imodzi, ndipo kumwamba kwada. Mvula ikawapeza kuno mtsinje sakawoloka. Telala analipo, anafika dzulo lake.

Amuna anga anavala jekete la ukwati wathu. Anapempha kuti ajambulire m'balani, mopanda mphepo. Wowonda uja anaimika maikolofoni pafupi ndi pakamwa pawo, n'kuvala zomvera m'makutu.

“Tayesani pang'ono, bambo.”

Anayesa. Ine ndinali pakhomo, ndipo ndinaona nkhope ya munthu uja ikusintha. Anapotoza kachitsulo kena, n'kutsinzina, n'kukweza dzanja kuti mnzake wa taye asiye kulankhula. Ndinati basi, ndimanena ine, munthuyu sakumva kanthu, akuvutika. Ndinatuluka n'kukodola amayi khumi ndi anayi aja kuseri kwa nkhokwe kumene ndinawabisa.

Tinalowa titavala nsalu zathu zofanana n'kuima kumbuyo kwa amuna anga mizere iwiri. Alongo anga analowanso, wina atawanyamulira mpando. Wowonda uja anavula chomvera cha khutu limodzi.

“Amayiwa nawonso ali m'nyimbomu?”

“Ee,” ndinatero. “Ndife ovomera.”

Sanandikhulupirire. Anayang'ana amuna anga. “Bambo, nyimboyi imaimbidwa choncho?”

Amuna anga anatembenuka. Anayang'ana amayiwo, ena mwa iwo apongozi awo. Anayang'ana alamu awo pampando. Kenako anayang'ana ine, ndipo ine ndinali kumwetulira mano onse panja. Telala anatsegula pakamwa, koma poti anali mlendo anatsekanso.

“Imaimbidwa choncho,” anatero amuna anga.

Timawilo tija tinayamba kuzungulira. Nsambo zinalira, kenako mawu. Ndinawapatsa mzere umodzi wathunthu, monga timachitira ndi woyambitsa aliyense. Sindinkamvera zimene akunena, ndinkawerenga polowera. Atafika pamenepo ndinakoka mpweya n'kulowa, amayi khumi ndi anayi pambuyo panga, m'manja, mapazi, wina nthungululu. Mwaye unagwa kuchokera kudenga mpaka pa jekete la amuna anga. Tinaimba bwino zedi. Tepi itatha alongo anga anadzuka n'kugwira alamu awo chanza, koyamba kuchokera tsiku la chinkhoswe. Anati, “Lero ndiye mwaimba ngati mwamuna.”

Amuna anga anafunsa wowonda uja ngati angamveko pang'ono. Iye anayang'ana makina, anayang'ana kunja kumene madontho anali atayamba, n'kunena kuti mabatire afooka, ndipo akachedwa agona panjira. “Mudzamva pawailesi, bambo. Pepani.” Pepani ameneyo anamunena kawiri, ine osadziwa kuti akupepesa chiyani.

Telala anakana nkhuku. Anatulutsa njinga yake mvula ikugwa. Ndinamutsatira mpaka pampanda kumufunsa ngati ndiwo zanga zamulakwira.

“Mayi,” anatero, “munthu uja wa zomvera m'makutu ankamva zonse. Makina aja amakweza okha. Ngakhale nyerere itatsokomola amaimva.”

“Nanga bwanji simunanene?”

“Pamudzi pano ndine ndani?”

Ndinamukalipira. Ndinamuuza kuti pakamwa Mulungu anamupatsa si posungira singano pokha, kuti wadya nkhuku zanga zaka zonsezi koma tsiku limodzi lofunika walephera kutulutsa liwu. Anandisiya ndimalize, n'kukwera njinga. Ndinatsala ndekha pampandapo. Ndinadziwa kuti ndalakwa, ndipo ndinachita mantha kulowa m'nyumba mwanga momwe.

Amuna anga ndinawapeza akupukuta mwaye pa jekete. Sanandifunse kanthu. Ndikanakonda akanandilalatira, akanaswa mbale, akanamanga katundu kubwerera kwawo ku Dowa. Iwo anapachika jekete pamsomali n'kupita kukatsekera mbuzi.

Sukulu ya mishoni ndinaiphunzirako mpaka Sitandade 5, choncho ndinalemba kalata kwa a wailesi kuwapempha kuti abwerenso. Ndinalemba zitatu, yachitatuyo yaukali pang'ono. Anayankha mwaulemu kuti abwera mvula ikatha, misewu ikauma. Sanalakwe, msewu wathu nthawi imeneyo ngakhale ngolo inkakana. Koma mawu a amuna anga sanadikire msewu. Chimanga chisanaume kumunda mawuwo anali atatha. Kunatsala mpweya wokha, woti uike khutu pakamwa pawo kuti umve kuti akufuna madzi. Chimene chinatsala cha mawu awo padziko lonse chinali mzere umodzi uja, pa tepi, kutauni.

Nyimboyo inaulutsidwa Loweruka lina masana, pa pologalamu ya nyimbo za m'midzi. Wailesi m'mudzi mwathu inali imodzi, ya alongo anga, ndipo anaiika pa mtondo wovundikira, mudzi wonse utazungulira. Amuna anga anakhala kumbuyo, kumene amakhala akamwini. Muulutsi anati tsopano timve amayi a ku mapiri a Ntchisi. Nsambo zitangoti ng'ii, anthu anadzuka. “Ndife! Ndife amenewo!” Nthungululu, kulumpha, agalu kuuwa. Ine ndinakuwa kuti khalani chete, ndipo poti khosi langa ndi limene lija, ndinaposa onsewo. Phokoso litatsika mzere uja unali utadutsa kalekale, amayi a m'wailesi ali pakati potamanda msewu.

Tsiku lomwelo ndinainyamula wailesiyo. Sindinabwereke, ndinanyamula, pamutu ngati mtsuko. Alongo anga anati, “Mlongo, wapenga?” Ndinati ee, ndapenga, ndipo ukaifuna ubwere udzandilande pamaso pa anthu. Sanabwere. Anadziwa kuti mkaka tinayamwa ndi umodzi.

Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse masana ndinkatseka chitseko, n'kuika wailesi pamutu pa mphasa ya amuna anga. Masiku enawo sindinkaitsegula n'komwe, kusunga mabatire. Nyimbo za pologalamu ija ankazibwereza, koma sunkadziwa kuti yako ibwera liti. Tinamva ng'oma za kumwera, tinamva malipenga a kunyanja, tinamva mkulu wina wa bangwe amene ankaimba ngati akuthamangitsa anyani m'munda. Amuna anga ankamvera zonse mpaka pologalamu ithe, n'kugwedeza mutu kuti nditseke. Ankaonda sabata ndi sabata. Phala linayamba kuvuta kumeza. Usiku chifuwa sichinkawagoneka, ndiye tulo tinkawagwira masana.

Loweruka lachisanu ndi chiwiri ndinatsegula wailesi monga mwa nthawi zonse. Nyimbo yoyamba, yachiwiri, iwo maso ali gwa kudenga. Pa yachitatu zikope zinagwa. Ndinati apumeko, ndiwadzutsa. Ndinatenga lichero n'kuyamba kusankha nyemba. Kenako popanda muulutsi kunenapo kanthu, nsambo zija zinalira m'nyumbamo.

Ndikanawagwedeza nthawi yomweyo. Sindinatero. Manja anauma mulichero, chifukwa mawu aja anatuluka, ndipo kanali koyamba kuti ndiwamve popanda ntchito m'manja kapena mkangano pakamwa. Makina anali atawakweza, koma anali aang'onobe, oyera, ngati akuchokera kutali kwambiri ndi pafupi pomwepo nthawi imodzi. Ankati:

“Nkhungu iwe, tsika bwino, pakhomo pano pali ogona.”

Ndinadzidzimuka n'kutaya lichero. “Abambo! Abambo, dzukani, ndinu!” Ndinawagwira paphewa, mafupa okhaokha. Anatsegula maso pang'onopang'ono ngati munthu wochokera kutali, ndipo pamene makutu awo ankafika m'nyumbamo anapeza ine, ine wa m'wailesi, ndi amayi anga khumi ndi anayi.

Anamvera mpaka kumapeto. Sanaphonye ngakhale nthungululu imodzi. Itatha anandikodola ndi chala, ine n'kuika khutu pakamwa pawo.

“Mwaimba bwino, mayi.”

Ndinalira ngati mwana, ndipo sindichita manyazi kunena. Ndinawauza kuti ibweranso, tidikire, Loweruka likudzalo ndiwakhazika tsonga, ndiwathira madzi kumaso, sagona. Anavomera ndi mutu. Tinadikira Maloweruka ena atatu, ndipo nyimboyo sinabwere. Lachiwiri la sabata yotsatira tinawaika m'manda, ndipo nyimbo za pamaliropo anayambitsa wina, ine khosi linakana. A wailesi anasunga lonjezo lawo. Galimoto yawo inafika misewu itauma, wowonda uja atanyamula tepi yatsopano. Ndinamulozera kumanda, n'kumupatsa madzi akumwa.

Nyimbo ija inatchuka. Ankaiulutsa zaka ndi zaka, makamaka nyengo ya zikondwerero za boma, ndipo pa Ntchisi Boma anthu ankandiloza kuti mayi wa nyimbo ya msewu ndi uyo. Ndinkayamika, nanga ndikanatani. Ndinagula wailesi yangayanga, ndipo ikayamba kulira nsambo zija ana ankadziwa kuti wotsokomola atuluke panja.

Mzere wachiwiri sindiudziwa. Ulipo, amuna anga anaimba mpaka tepi kutha, koma uli pansi pa mawu anga ndipo palibe khutu lingaufukule. Chimene chimamveka bwinobwino, mzere woyamba ukangotha, ndi munthu akukoka mpweya. Makina aja anaugwira nawonso, wautali, wa munthu wokhulupirira kuti akukachita zabwino. Nthawi iliyonse ndikaumva ndimamuuza mayi ameneyo mokweza, ngakhale pakhale alendo, kuti iwe, tadikira pang'ono, munthuyu amalize. Sanandimverepo ngakhale kamodzi.